Ulendo wa ku Mpumalanga: malasha akamatha, akufunsidwa ndani?

Lolemba, eMalahleni

Ndafika bwino abale anga. Ndakwera takisi ku Joni m'mamawa, msewu wa N12 kudutsa cha ku Delmas, nde pofika cha ku Ogies mpomwe munthu umadziwa kuti walowa dziko la malasha, mathiraki kundondozana osaduka, milu yakuda bii m'mbali mwa msewu, kenako siteshoni yamagetsi ya Kendal ili poteropo ndi zinsanja zake zikuluzikulu zija. Kukuzizira koopsa, June wa kuno si wamasewera, ndipo kumwamba kuli kachifunga kotuwa kosachoka olo dzuwa litakwera bwanji.

Amene simundidziwa, ine ntchito yanga ku Joni ndi yoika sola pamadenga a anthu. Ndinayamba ngati wothandizira, kunyamula mapanelo ndi kukoka mawaya, nde itafika 2023 muja magetsi ankazima maola ambirimbiri tsiku ndi tsiku ntchito inachuluka mpaka nanenso ndinayamba kupeza makasitomala anga. M'nyumba zomwe ndimagwiramo anthu amakonda kunena kuti malasha nthawi yake yatha, dziko lisinthe basi, ndipo ine ndimavomereza ndi mtima wonse chifukwa ndikudziwa zomwe namondwe Freddy anatichita kwathu mu Malichi 2023, anthu kukwiririka ku Chilobwe, midzi kukokoloka ku Mulanje ndi ku Phalombe. Utsi wa kuno ndi mvula ya kwathu ija ndi nkhani imodzi.

Koma kunoko kuli mlongo wanga ndi alamu anga. Alamu ndi telala, ali ndi kamashini kawo pakhonde la shopu ina, ntchito yawo yaikulu ndi kupinda ndi kuika zigamba maovolosi a anthu a m'migodi, kusintha mazipi, kusokerera timalamba tonyezimira tija. Sikono iliyonse yomwe ana awo amadya imachokera ku malasha olo kuti iwo sanalowepo mumgodi.

Dziko lino la South Africa magetsi ake pafupifupi 80 peresenti amachokera ku malasha, ndipo masiteshoni ambiri a Eskom, kampani ya boma yamagetsi, ali m'chigawo chino cha Mpumalanga. Boma lili ndi pulani yochepetsa mpweya woipa, kutseka masiteshoni akalewa pang'onopang'ono, ndipo limanena kuti pulaniyo ikupangidwa pamodzi ndi anthu okhudzidwa. Mawu akuti pamodzi ndi anthuwo ndi amene andiyendetsa. Ndikufuna ndimve kwa eni ake kuti akhala akufunsidwa bwanji.

Mlongo wanga waphika nsima ya ufa wa kuno ndi usipa womwe anamutumizira pa basi. Ndagona pabalaza ndi mphwanga wamkulu, mnyamata anamaliza matiriki koma akungokhala.

Lachiwiri, KwaGuqa

Ndadzuka ndapeza mlongo wanga akupukuta pawindo ndi kansalu konyowa, kansaluko kuda bii, akuti ndi za tsiku lililonse zimenezo. Kamwana kawo kamng'ono kali ndi mphumu, kamayenda ndi kapampu kake m'chikwama cha kusukulu, ndipo usiku ndinakamva kakutsokomola kwa nthawi yaitali mpaka mtima wanga unawawa.

Masana ndacheza ndi mayi wina woyandikana nawo nyumba, wachikulire ndithu, Chizulu changa ndi chotola mumsewu koma tamvana. Mayiwa ndi amene andikumbutsa za mlandu wa mpweya. Dera lonse lino boma linalilengeza mu 2007 kuti ndi Highveld Priority Area, kutanthauza kuti mpweya wake ndi woipa mofunika kuchitapo kanthu mwachangu, koma zaka zinapita osasintha kanthu mpaka mabungwe awiri, groundWork ndi Vukani ya konkuno ku eMalahleni, anatengera boma kukhoti. Mu Malichi 2022 khoti lalikulu ku Pretoria linagamula kuti mpweya wa kuno ukuphwanya ufulu wa anthu womwe uli mu gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino. Mayiwo amanena nkhaniyi monyadira, akuti tsiku limenelo ndi lomwe anamva kuti mawu a anthu a m'malokeshoni afika penapake.

Nde ndawafunsa za misonkhano. Aseka pang'ono, ati mwana wanga misonkhano ndapita yambiri, ya aboma, ya makampani, ya mabungwe, ndipo yambiri imayenda mofanana. Umafika, umasayina rejisitala, amakupatsa botolo la madzi ndi kapaketi ka chakudya, munthu amaima kutsogolo kuonetsa zithunzi pakhoma m'Chingerezi cha ku yunivesite, mafunso amabwera kumapeto anthu atatopa, maminibasi akudikira panja. Chomwe chimawapweteka kwambiri si Chingerezicho ayi, akuti ndi choti palibe amene amabweranso kudzanena kuti zomwe munanena zija izi tazitenga, izi tazikana ndipo chifukwa chake ndi ichi. Dzina lako limatsala mu rejisitala ngati umboni woti anthu anafunsidwa, basi.

Madzulo ndakhala pansi kuwerenga pafoni za bungwe lomwe likuyendetsa zokambiranazi pa dziko lonse. Dzina lake Presidential Climate Commission, Pulezidenti Cyril Ramaphosa analikhazikitsa mu Disembala 2020 ndipo wapampando ndi iye mwini. Mmenemo muli nduna za boma, a mabizinesi, a mayuniyoni, a mabungwe omwe si aboma, achinyamata, akatswiri ofufuza. Mu 2022 anayendera madera ngati kuno ndi ku Lephalale, tauni inanso ya malasha, kumva maganizo a anthu asanamalize chikalata chawo chotchedwa Just Transition Framework, chomwe nduna zinachivomereza chaka chomwecho. Chikalatacho chaima pa mfundo zitatu, kuti zabwino ndi zowawa za kusinthaku zigawidwe mwachilungamo, kuti zomwe zinaonongeka kale monga madzi, nthaka ndi thanzi la anthu zikonzedwe, komanso kuti okhudzidwa akhalepo pomwe ziganizo zikupangidwa.

Kunena zoona ndi chikalata chabwino ndipo ndimalemekeza kuti anakhazika munthu wa yuniyoni ya m'migodi ndi munthu wa bungwe lazachilengedwe patebulo limodzi, chifukwa anthu amenewa sagwirizana chisawawa. Mawa ndikupita ku Komati, komwe mfundo zitatuzi zinayesedwa koyamba.

Lachitatu, Komati

Lero ndatopa thupi ndi mtima womwe. Tanyamuka ndi alamu, takisi mpaka Middelburg, kenako tapeza lifiti ya bakkie yolowera msewu wa ku Bethal. Msewu wake mathiraki a malasha anaupondaponda, maenje okhaokha.

Siteshoni ya Komati inayamba kupanga magetsi mu 1961, inali ndi magawo 9 opanga mamegawati 1000 onse pamodzi. Anaiimitsa cha m'ma 1990 magetsi atachuluka m'dziko, nkudzaidzutsanso m'zaka za m'ma 2000 magetsi atayamba kuperewera. Pa 31 Okutobala 2022 anazimitsa gawo lomaliza. Apa ndinene mwachilungamo kuti pofika tsikulo gawo limodzi lokha ndi lomwe linkagwira ntchito, makina anali okalamba, kuwakonza kunali kodula, ndiye olo kukanapanda nkhani ya kusintha kwa nyengo siteshoniyi inali kumapeto kwa moyo wake. Mwezi wotsatira, Novembala 2022, World Bank inavomereza madola 497 miliyoni oti pamalopa pabwere sola ya mamegawati 150, magetsi a mphepo mamegawati 70 ndi mabatire a mamegawati 150. Mwa ndalama zonsezo madola 10 miliyoni okha ndi omwe anali thandizo laulere, zotsalazo ngongole.

Taonani ndondomekoyo bwinobwino. Kutseka kunayamba, ndalama zomangira zatsopano nkubwera pambuyo. Pakati pa ziwirizi pali anthu omwe amayenera kudya tsiku lililonse.

Kamudzi ka Komati kali pafupi penipeni ndi siteshoni, nyumba zooneka bwino zomwe zinamangidwa kalekale chifukwa cha antchito, ndi zisakasa chapambali. Tayenda wapansi. Alamu ali ndi kasitomala wawo wakale kumeneko, bambo yemwe ankagwira pa kontrakiti yokonza mapaipi, nde ndi amene watilandira. Akuti antchito okhazikika sanachotsedwe, ena anawasamutsira kumasiteshoni ena, ena anatsala pompo, ndipo izi ndi zomwenso Eskom inalengeza. Koma a makontrakiti ngati iwo ntchito inangotha kontrakiti itatha, ndipo iwo ndi amene anali ambiri mumsewu, ogula nyama yootcha pageti, ochita lendi zipinda, okwera matakisi. Atapita amenewo mayi wogulitsa magwinya anatseka, mwini zipinda anatsala ndi makiyi, wa takisi anasintha msewu.

Ndawafunsa kuti kodi simunaitanidwe ku zokambirana? Ati tinaitanidwa, koma tsiku lotseka linali litadziwika kale, ife amatifunsa kuti mukufuna maphunziro anji. Ine zandikumbutsa banja loitana ankhoswe tsiku la ukwati litalengezedwa kale kutchalitchi, ng'ombe itagulidwa, nkumati tabwerani tikambirane ngati awiriwa akuyenerana. Nkhoswe wotero angonena kuti chabwino, koma mumtima akudziwa kuti waitanidwira chithunzi.

Izitu si zonena za bambo mmodzi wokwiya ayi. Presidential Climate Commission yomweyo inabwera kuno mu 2023, inamva anthu, ndipo lipoti lake linanena poyera kuti kukambirana ndi anthu a ku Komati kunayamba mochedwa komanso kuti ntchito zatsopano zimayenera kuyamba siteshoni isanatsekedwe. Ngakhale nduna ya zamagetsi, Kgosientsho Ramokgopa, inanena mu 2023 kuti zomwe zinachitika ku Komati sizinali zachilungamo. Ine ndikuona kuti apa bungwe lija linachita chinthu chofunika, kubwera kudzavomereza pamaso pa anthu, chifukwa maboma ambiri akanangojambula zithunzi za mapanelo nkumati zonse zili bwino.

Zilipo zomwe zayambika. Pali malo ophunzitsira ntchito za sola ndi mphepo mogwirizana ndi SARETEC, sukulu ya ntchito zoterezi ya ku Cape Peninsula University of Technology, komanso amalumikiza timasiteshoni ting'onoting'ono ta sola m'makontena toti tikaikidwe kumidzi yopanda magetsi. Monga munthu wa sola zandisangalatsa. Koma ntchito yanga ndimaidziwa, poika mapanelo pamafunika manja ambiri kwa miyezi yowerengeka, akatha kuika pamatsala anthu ochepa otsuka ndi kulondera. Siteshoni ya malasha imafuna anthu usana ndi usiku kwa zaka makumi. Munthu wonena kuti sola ilowa m'malo mwa ntchito zonse za malasha pamalo omwewo akunamiza anthu, ndipo anthu a ku Komati akanafunsidwa msanga bwenzi atanena okha kuti tiganizirenso za ulimi, za mafakitale ang'onoang'ono, za msewu wathu, osati magetsi okha.

Pobwerera alamu sanayankhule kwambiri. Angoti alamu, zikafika ku masiteshoni a Duvha ndi Kendal ine mashini anga ndidzasokera ndani.

Lachinayi, Hendrina ndi Ermelo

Lero ndayenda ndekha, N11 kuchoka Middelburg kudutsa Hendrina mpaka Ermelo. Masiteshoni a Hendrina, Camden ya pafupi ndi Ermelo ndi Grootvlei amayenera kutsekedwa posachedwa koma mu 2024 anaganiza zoti apitirize mpaka 2030. Chifukwa chachikulu ndi kuperewera kwa magetsi, komabe nthawi yaperekedwayi ndi mwayi woti zomwe zinalakwika ku Komati zisabwerezedwe, ngati angayambe kukhala pansi ndi anthu panopa osati mu 2029.

Ku Ermelo ndaona anyamata akukankha mawilibala a malasha omwe amakumba okha m'migodi yomwe makampani anaisiya osatseka. Kuno amawatcha ma zama zama. Amagulitsa m'malokeshoni kwa anthu ophikira ndi kuotha. Ntchito yoopsa, migodi imagumuka, ndipo pamalamulo ndi olakwa. Nde ndimadzifunsa kuti munthu yemwe akuthawa apolisi angalowe bwanji muholo nkusayina rejisitala dzina lake lenileni? Koma malasha akamakambidwa iyeyu ndi wokhudzidwa kuposa ambiri ovala masuti.

Pa takisi tinakambirana za ndalama ndi bambo wina wovala jekete ya NUM, yuniyoni ya ogwira ntchito m'migodi. Nkhani ya madola 8.5 biliyoni omwe France, Germany, Britain, America ndi European Union analonjeza ku Glasgow mu Novembala 2021 kuti athandize dziko lino kusiya malasha amaidziwa bwino kuposa ine. Akuti vuto lake zambiri ndi ngongole, thandizo laulere silinafike olo 5 peresenti poyamba paja, pomwe pulani ya boma ya 2023 mpaka 2027 imafuna marandi 1.5 thililiyoni. America inatulukamo mu Malichi 2025. Mfundo ya bambowo inali yakuti ngongole imakonda zinthu zobweza ndalama, mawaya ndi mabatire, pomwe kuphunzitsa munthu wa zaka 50 ntchito ina kapena kumupatsa penshoni msanga sikubweza kanthu kubanki, ndiye mbali ya anthu ndi yomwe imatsalira. Sindinawatsutse.

Lachisanu, eMalahleni

Mayi oyandikana nyumba ndi mlongo wanga aja anandiitana ku msonkhano wa anthu a m'dera lawo, muholo ya tchalitchi, wokonza okha popanda mlendo wochokera ku Pretoria. Ndapita ndi alamu ndi mphwanga. Munali anthu ochuluka ndithu, mipando yapulasitiki, hita imodzi pakona, zonse m'Chizulu ndi Chisotho, wina akaponya Chingerezi anzake amamuuza kuti bwereza timve tonse.

Poyamba zinali zotentha. Bambo wina wa mumgodi anaima nkunena kuti amene akufuna malasha atseke abwere adzalipire fizi ya ana ake, anthu kuombera m'manja. Mayi wina wachitsikana anaima atanyamula kapampu ka mwana wake m'mwamba, ati nanga uyu ndimulipirira ndi chani akasiya kupuma, anthu kuomberanso m'manja, ena omwewo omwe anaombera poyamba. Apa mpomwe ndinamvetsa kuti kuno kulibe magulu awiri, la malasha ndi la mpweya wabwino. Ndi nyumba imodzi, bambo amagwira kumgodi, mwana amatsokomola, ndipo anthu pafupifupi 90,000 ogwira m'migodi ya malasha m'dziko lino ambiri amapita kunyumba zoterezi.

Wotsogolera anali mdala wina wodekha, sanalole kuti azingokangana, anati aliyense anene chomwe akufuna adziwe asanavomere kapena kukana chilichonse. Mnyamata wina amalemba papepala lalikulu pakhoma. Ndipo mafunso omwe anatuluka anali ofanana kuchokera mbali zonse. Siteshoni iti itseka chaka chanji, atiuze msanga ndipo asamasinthesinthe. A makontrakiti awerengedwa kapena ayi. Migodi ikatsekedwa madzi oipa otuluka mmenemo akonza ndani, poti ku Carolina mu 2012 madzi akumwa a tauni yonse anaonongeka ndi asidi wa m'migodi anthu nkukhala miyezi akutunga m'mathanki. Khonsolo ipeza kuti ndalama makampani akachoka. Maphunziro omwe akulonjezawo kumapeto kwake kuli ntchito kapena satifiketi yokha. Gogo wina anawonjezera kuti chikalata chilichonse chizibwera sabata zingapo msonkhano usanachitike, m'chilankhulo chawo, kuti akachiwerenge ndi adzukulu kunyumba, osati kuchiona koyamba pakhoma.

Kwa ine apa ndi pomwe pali nkhani yonse. Kufunsa anthu kuli ndi tanthauzo pokhapokha yankho lawo likhoza kusintha chinachake, tsiku, ndalama, kapena ndondomeko ya chiyambe nchiti. Ndipo zimatheka. Mu 2021 boma lino linatulutsa chikalata choyamba chonena kuti pofika 2030 mpweya woipa ukhale pakati pa matani 398 ndi 440 miliyoni pachaka, anthu ndi mabungwe anapereka maganizo, Commission ija inalangiza zotsitsa, ndipo chomwe chinatumizidwa ku United Nations chinali 350 mpaka 420 miliyoni. Nambala inasuntha chifukwa cha zokambirana. Koma omwe anaisuntha ndi anthu odziwa kuwerenga magirafu, okhala ndi data ndi laputopu. Nambala yomweyo ikatsika kufika pansi imasanduka tsiku lotsekera siteshoni inayake, ndipo pamenepo mpomwe gogo uja amayenera kukhala ndi mphamvu yofanana.

Chinthu chimodzi chandikhudza. Alamu anakhala chete msonkhano wonse. Potuluka ndawafunsa kuti bwanji simunanene za matelala, za ogulitsa pageti, ati alamu ine ndine mlendo, ndikatsegula pakamwa amva kalankhulidwe kanga nkuyamba kufunsa kuti ameneyu akufuna chani pa nkhani za dziko lathu. Ali ndi mapepala, akhala kuno zaka zambiri, ana anabadwira konkuno, koma mantha alipo ndipo ndikuwamvetsa. Amalawi, a ku Mozambique, a ku Zimbabwe, a ku Lesotho tadzaza m'matauni a migodi kuyambira nthawi ya Wenela, agogo athu anasiya mapapo awo pansi pa nthaka ya dziko lino, koma pa mndandanda wa okhudzidwa sitioneka. Ndapempha mayi aja kuti nkhani ya ogwira ntchito zazing'ono zodalira migodi ailembe papepala lija m'malo mwa alamu, ndipo ailemba.

Loweruka, Secunda

Ndatsanzika m'mawa. Ndasankha kubwerera modutsa Kriel, komwe masiteshoni a Kriel ndi Matla ali moyandikana, mpaka Secunda kuti ndione fakitale ya Sasol yomwe imasandutsa malasha kukhala petulo ndi dizilo. Imatchulidwa kawirikawiri kuti ndi malo amodzi otulutsa mpweya woipa wochuluka kuposa ena onse padziko lapansi, ndipo ukaiona ndi maso sukayika, machumuni, malawi, mapaipi mpaka kutali. Tauni yonse inamangidwa chifukwa cha fakitaleyi. Lamulo la Climate Change Act lomwe Ramaphosa anasayina mu Julayi 2024 limati makampani aakulu otere azipatsidwa malire a mpweya womwe angatulutse, komanso kuti zigawo ndi makhonsolo azikhala ndi mabwalo okambirana za kusintha kwa nyengo. Mabwalo a khonsolowo ndi omwe ndikanakonda anthu a muholo ija awalowe mwamphamvu, poti ali pafupi ndipo ndi a lamulo.

Ndili podikira takisi ya N17 ndinaimbira achimwene kumudzi, nde maganizo onse anapita kwathu. Ifenso tili ndi pulani yathu. Mu 2021 Malawi inalonjeza kuchepetsa mpweya woipa ndi 51 peresenti pofika 2040 poyerekeza ndi momwe zikanakhalira titangosiya zinthu momwe zilili, 6 peresenti ndi mphamvu zathu, 45 peresenti ngati thandizo lakunja lingabwere. Ife tilibe ma Kendal, utsi wathu ndi wochepa kwambiri, nkhani yathu ndi mitengo. National Charcoal Strategy ya 2017 mpaka 2027 imanena kuti mabanja oposa 97 peresenti amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, zilango zinakwera.

Ndiye ma zama zama athu ndi ootcha makala, anyamata okankha njinga zodzaza matumba pa msewu wa Zalewa kulowera ku Blantyre, amayi ogulitsa timapulasitiki ta makala ku Ndirande ndi ku Mchesi. Achimwene anaotchapo makala chaka cha njala kuti ana asagone ndi njala, ndipo ndawafunsa ngati anayamba aitanidwapo kukanena maganizo awo pa za nkhalango, ati chomwe chinawapeza ndi kulandidwa matumba basi. Sindikunena kuti mitengo izidulidwa ayi, ndaona mapiri a kwathu atayera mbee ndipo ndikudziwa kuti matope omwe amatsikira mu Shire ndi omwe amavutitsa makina a magetsi, komanso tonse tikukumbuka mdima womwe unabwera namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022. Koma wootcha makala ndi amene akudziwa kuti thumba limadutsa m'manja mwa angati lisanafike mtauni, amapeza zingati, ndipo angasiye atapeza chani. Pulani yopangidwa popanda iyeyo idzakhala yolanda njinga mpaka kalekale.

Ndipotu njira tili nazo kale, makomiti a chitukuko a ma VDC ndi ma ADC, makomiti a zachilengedwe a m'midzi, bwalo la amfumu komwe munthu amayankhula chilankhulo chake osaopa. Wekishopu ya kuhotela ya kunyanja yokhala ndi alawansi ili ndi ntchito yake, koma isamawerengedwe kuti Amalawi afunsidwa. Sola ya mamegawati 60 ku Salima ndi ya 20 ku Golomoti ndi zinthu zonyaditsa, koma mayi wa ku Mchesi saphikira nyemba pa sola ya ku Salima ngati mtengo wa magetsi ndi gasi sangaukwanitse, ndipo iyeyo ndi amene angakuuzeni mtengo womwe angasiyire mbaula.

Lamulungu, Joni

Ndafika usiku, ndapuma. Mayi aja anditumizira pa WhatsApp chithunzi cha pepala la mafunso lija atalilemba bwino, akuti alipereka kwa khansala wawo ndipo apempha kuti yankho libwere lolembedwa, funso lililonse palokha. Ndawamasulira achimwene mafunsowo pa voice note, ndasintha pomwe pali malasha kuika makala, ati akawatengera ku komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi mwathu ikakumana mwezi wamawa chifukwa iwo ndi membala.

Za mphwanga tagwirizana ndi mlongo wanga ndi alamu kuti abwere kuno mu Ogasiti ndiyambe kumuphunzitsa ntchito, ayambire kunyamula mapanelo ndi kukoka mawaya ngati momwe ndinayambira ine, kwinaku tikusonkha ndalama zoti akalowe kukoleji ya zamagetsi apeze pepala. Amene muli ku Mpumalanga kapena ku Lephalale ndipo mumadya kuchokera ku migodi, matelala, ometa, ogulitsa pageti, ndilembereni ku inbox, mayi aja ati mndandanda wa ntchito zazing'ono uja akufuna ukule asanapite nawo ku bwalo la khonsolo.